NDINAONA NDI MASO ANGA

Pali mawu anayi amene ndikufuna kuwaimba mlandu m'magazini muno, ndipo ndi omwe ali pamutu pa nkhaniyi. Munthu akangowatchula pabwalo la mfumu, akuluakulu amagwedeza mitu, wodandaula amakhazikika bwino pamphasa, ndipo woimbidwa mlandu amazyolika ngati wagamulidwa kale. Akawatchula pamsika, anyamata amayamba kutola miyala. Mawu amenewa timawapatsa ulemu woposa umene timapatsa lumbiro la pa Baibulo kapena pa Korani. Ine ndikuti ulemuwo ngwosayenera, ndipo ndili ndi chifukwa chonenera choncho, pakuti ndinawatchulapo mawuwa, mwana wa mwini nataya mano awiri.

Zinachitika pa tchuthi cha chaka changa choyamba pano. Ndinali kwa amalume kufupi ndi Ulongwe, m'boma la Balaka, pa msewu uja wochokera ku Liwonde kupita ku Mangochi. Tsiku la msika amalume anatsamiritsa njinga yawo pakhoma la tiirumu nalowa kukamwa tiyi, ine ndili panja kunenerera mtengo wa usipa. Dzuwa linali litapendeka, fumbi lili koboo. Ndinaona munthu akukankha njinga kuseri kwa mabenchi a nsomba, koma sindinasamale, popeza tsiku la msika njinga zimachuluka ngati ntchentche. Patapita mphindi zingapo amalume anatuluka nayamba kukuwa. Mayi wina wogulitsa mandasi anati, "Ndi mnyamata wa malaya ofiira uja!" Pomwepo m'mutu mwanga munaonekera mnyamata wa malaya ofiira akukankha njinga ya amalume, bwinobwino ngati pa kanema.

Lisanathe theka la ola anthu anabwera naye mnyamata wa malaya ofiira, atamgwira pa lamba. Onse anatembenukira kwa ine, poti ine ndiye mwana wa kuyunivesite, wophunzira, wosadziwa kunama. "Achimwene, mwati munamuona. Ndi ameneyu?" Ndinamyang'ana kumaso. Mumtima mwanga munalibe chikaiko ngakhale chaching'ono. Ndinati, "Ndi yemweyu." Zimene zinatsatira sindizilemba pano. Amene munaonapo khamu litagwira wakuba mukuzidziwa.

Pagulupo panali mkulu wina amene kale ankagwira ntchito yolondola nyama m'nkhalango ya Liwonde. Iye sanafunse munthu kuti waona chiyani. Anapita pakhoma paja, nanjuta, nayang'ana pansi nthawi yaitali. Kenaka anafunsa amalume ngati tayala la kumbuyo linali lomangidwa ndi mphira pamalo pamene linang'ambika. Amalume anavomera. Mkuluyo anationetsa kachizindikiro m'fumbi, kobwerabwera pa mtunda wofanana nthawi iliyonse tayala likazungulira. M'kati mwa msika mapazi a anthu anali atafufuta zonse, koma iye anazungulira kunja, njira ndi njira, mpaka anakapezanso kachizindikiroko pa kanjira kolowera kum'mawa, cha ku Shire. Mnyamata uja anali atagwidwa kumadzulo, wapansi, atanyamula nkhuku imene amayi ake anamtuma. Njinga inapezeka m'mawa mwake m'mudzi wa m'mbali mwa mtsinje, kwa bambo wamtali wa imvi, amene anavomera yekha pamaso pa anyakwawa. Sanali mnyamata, ndipo mkazi wake anati malaya ofiira m'nyumbamo sanalowemo.

Tsono mvetsani chimene chimandisowetsa tulo. Tsiku lija sindinaname. Akanandilumbiritsa ndikanalumbira, akanandiopseza sindikanasintha. Mboni yabodza njosavuta: muifunse kawiri katatu, ipunthwa pa mawu ake omwe. Yoopsa ndi mboni yoona mtima imene yalakwitsa, chifukwa siphethira, sichita chibwibwi, ndipo nkhope yake yonse imachitira umboni kuti ikunena zoona. Malaya ofiira aja sindinawaone ndi maso. Ndinawamva ndi khutu kwa mayi wa mandasi, mutu wanga nuwasokerera pa munthu amene ndinamuona mwachimbuuzi, ndipo sunandiuze kuti wasoka.

Zimenezi akatswiri a maganizo a munthu anaziyesa kalekale. M'chaka cha 1974 Elizabeth Loftus ndi John Palmer, ku Washington, anaonetsa ophunzira mafilimu a ngozi za galimoto, kenaka nawafunsa liwiro la magalimotowo. Funso linali limodzi, anangosinthamo mneni. Amene anafunsidwa liwiro pamene magalimoto "anaphwanyana" anati linali pafupifupi mamailosi 41 pa ola. Amene anafunsidwa pamene "anakhudzana" anati 32. Filimu yomweyo, maso ofanana. Poyesa kachiwiri, patatha sabata anafunsa ophunzira ngati anaona magalasi osweka. Mwa 50 amene anamva mneni wa kuphwanya uja, 16 anati inde; mwa 50 amene anamva mneni wofatsa wa kugunda, 7 okha. Mufilimumo munalibe galasi losweka ngakhale limodzi. Inu a Chichewa ndi zilankhulo, amene mumatha ola lathunthu pa mneni mmodzi, taonani ntchito imene mneni amagwira kunja kwa kalasi. Wapolisi amene afunsa kuti "Anathawira kuti?" wamuuza kale mboniyo kuti munthuyo ankathawa.

Mu 1999 Daniel Simons ndi Christopher Chabris anauza anthu kuti awerenge kangati osewera ovala zoyera akuponyerana mpira pa filimu. Pakati pa masewerowo panadutsa munthu wovala ngati gorila. Pafupifupi theka la owerengawo sanamuone konse, ndipo ambiri atauzidwa anakana kuti sizingatheke. Ine maso anga anali pa usipa.

Mwina wina anena kuti awa ndi masewera a m'kalasi, kuti munthu amene walakwiridwa zenizeni saiwala nkhope. Mu 1984, ku North Carolina, wophunzira wina dzina lake Jennifer Thompson anagwiriridwa usiku m'chipinda chake. Iye mwadala anailoweza nkhope ya chigawengacho kuti adzachizindikire. Analoza Ronald Cotton pa zithunzi, namlozanso pamzere, namlozanso m'bwalo la milandu. Cotton anakhala m'ndende zaka zoposa 10, kufikira mu 1995 pamene kuyeza kwa DNA kunaonetsa kuti wolakwa anali munthu wina, Bobby Poole. Bungwe la Innocence Project ku America likawerenga anthu amene DNA inawatulutsa m'ndende, limapeza kuti pafupifupi 7 mwa 10 alionse anamangidwa mboni itawaloza molakwika. Mayi uja anali ndi chifukwa chachikulu chokumbukira bwino kuposa ine pa Ulongwe, komabe analoza wosalakwa.

Koma tisapite kutali, ngati kuti matendawa ngachizungu. Mu September ndi October 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe nkufalikira m'maboma ena a kum'mwera. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi makamu. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma awiri aja. Kwathu komwe anthu ankagona panja m'magulu, zibonga zili pambali. Mboni zinalipo zambirimbiri: wina anaona kuwala kukutsika padenga, wina anamva fungo la mankhwala, wina anadzuka thupi lili lefu. Bungwe la madokotala m'dziko muno linanena poyera kuti panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anapezeka atapopedwa magazi. Sindikuti anthu onse aja ankanama. Ambiri anali ngati ine: mantha anawauza choti aone, maso nangovomereza.

Ndipo nyimbo ya magaziyi si yatsopano. Kuyambira 1968 mpaka 1970 anthu osachepera 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo ku Chilobwe ndi madera ena a mu Blantyre. Mphekesera inati boma likupopa magazi kuti libweze ngongole ku South Africa. Chala cha anthu chinaloza nduna Gomile Kumtumanji, amene anamangidwa nadzafera m'ndende. Mu 1969 anthu asanu anazengedwa mlandu ku bwalo lalikulu, woweruza nawamasula poona kuti umboni ngwosakwanira. Dr Banda anakwiya. Nyumba ya malamulo inapatsa mabwalo a mafumu aja mphamvu yozenga milandu ya kupha, kopanda maloya ndi kopanda malamulo okhwima a umboni, ndipo oweruza achingerezi a ku bwalo lalikulu anatula pansi maudindo. Taonani: dziko lonse linasintha kazengedwe ka milandu chifukwa woweruza mmodzi anakana kumanga anthu pa umboni wofooka, ndipo mabwalo amenewo ndi omwe anadzagamula Orton ndi Vera Chirwa kuti aphedwe mu 1983. Nanga chinamgwira nchiyani Walla Laini Kawisa mu 1970? Si mphekesera, si chala cha khamu. Zinali zidindo za zala zimene anasiya pa nyumba ina imene anafuna kuthyola. Inde, ambiri mpaka lero savomereza kuti Kawisa anachita zonse zija yekha, ndipo iye mwini anasinthasintha mawu ake. Chidindo chimangonena kuti dzanja ili linagwira apa, basi. Koma pang'ono pamenepo chimanena mosaopa nduna ndi mosakondera khamu.

Ku Machinga tili ndi bala lathu la posachedwa. Mu March 2018 MacDonald Masambuka, mnyamata wa khungu lachialubino wa zaka 22, anasowa kwawo, ndipo thupi lake linapezeka mu April litadulidwa ziwalo. Pa nthawi imeneyo aliyense m'midzi yathu ankadziwa maonekedwe a wopha alubino: mlendo, wa galimoto la magalasi akuda, wolankhula Chichewa chopotoka. Maso athu onse anali pa msewu. Mu April 2022 bwalo lalikulu linapeza anthu 12 olakwa pa milandu yosiyanasiyana yokhudza imfayi, ndipo pakati pawo panali m'bale wake weniweni wa malemuyo, wansembe, wapolisi ndi wogwira ntchito ya chipatala. Onsewo ndi anthu amene timawapatsa moni ndi manja awiri. Diso limene lauzidwa kale nkhope ya mdani limadutsa mdani weniweni pakhomo osamuona.

Ife a pasukulu ya ukachenjede tili ndi chifukwa chathuchathu chosamalira nkhani imeneyi. Pa 24 September 2011 thupi la Robert Chasowa, wophunzira wa pa Polytechnic, imene lero ikutchedwa MUBAS, linapezeka pasukulupo m'mamawa. Apolisi analengeza kuti anadzipha podziponya kuchokera pamwamba, naonetsa ndi makalata amene anati anasiya. Dr Charles Dzamalala, katswiri woyeza mitembo, anaona mabala a m'mutu nanena kuti sakugwirizana ndi kugwa, koma ndi kumenyedwa ndi chinthu chosathwa. Mu 2012 komiti yofufuza yotsogozedwa ndi Justice Andrew Nyirenda inapeza kuti Chasowa anachita kuphedwa. Dokotalayo sanalipo usiku uja. Sanaone kanthu "ndi maso ake" m'tanthauzo la pamsika. Anangochita zimene anachita mkulu wa pa Ulongwe: kunjuta, kudekha, kufunsa chinthu chimene sichingathe kumva mphekesera. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndikuti mwambi umenewu ndiwo maziko onse a sayansi yofufuza milandu. Mikroskopu ndi DNA zinangobwera kudzathandiza wodekhayo.

Pamenepa ndisanamizire kuti katswiri salakwa. Mabomba ataphulika m'masitima a ku Madrid mu 2004, akatswiri a FBI ananena motsimikiza kuti chidindo cha chala chopezeka pa thumba lina chinali cha loya wa ku Oregon, Brandon Mayfield. Anamtsekera masabata awiri, kufikira apolisi a ku Spain atapeza mwini chidindocho, nzika ya ku Algeria. Katswiri nayenso ali ndi mayi wake wa mandasi: akauzidwa kale kuti woganiziridwa ndi uyu, mizere ya chala imayamba kufanana. Kusiyana kwake nkwakuti chidindo chimakhalapobe, wina angathe kuchiyezanso mawa. Zimene ndinaona ine pa Ulongwe palibe angazitulutse m'mutu mwanga kuti aziyezenso, ndipo nthawi iliyonse ndikazifotokoza ndimazipaka utoto wina.

Ndikumva kale mnzanga wa ku Law akudandaula kuti malamulo anaziona kale zimenezi. Zoona. Mu 1976 bwalo la apilo ku England, pa mlandu wa Turnbull, linalamula kuti woweruza azichenjera ndi umboni wa kuloza munthu, nafunse: mboni inamuona nthawi yaitali bwanji, ali patali bwanji, kukuwala bwanji, panali chotchinga kodi, inkamdziwa kale kodi, papita nthawi yotani, ndipo zimene inanena poyamba zikufanana ndi munthu ali m'bokosiyu? Mabwalo athu amatsatira chenjezo limeneli. Koma achimwene, ndi milandu ingati ya ku Ntaja, ku Nsanama, ku Phalula kapena ku Utale imene imafika pamaso pa woweruza amene anawerenga Turnbull? Yambiri imathera pansi pa mtengo wa mango, ina imathera pa msewu ndi tayala ndi petulo. Ndipo tayesani mafunso amenewo pa umbava wa kumudzi: pakati pa usiku, nyumba yopanda nyale, tochi akuunika nayo m'maso mwanu, chikwanje chili m'mwamba. Munthu amene chikwanje chili pamutu pake amayang'ana chikwanje, sayang'ana mphuno ya wochigwira. Kukacha, anansi asonkhana, wina atchula dzina la mnyamata amene amamukaikira kale chifukwa chosuta chamba, ndipo pofika masana mwininyumba "wamzindikira bwinobwino." Akafika kubwalo patatha miyezi isanu ndi umodzi, wafotokoza nkhaniyo kambirimbiri, ndipo walimba ngati mwala wa m'phiri la Chikala.

Winanso anena kuti, "Nanga ukufuna akuba onse amasulidwe? Kuno kulibe makina. Tikataya mboni titsala ndi chiyani?" Sindinati titaye mboni. Mayi amene waloza mwana wa mlongo wake masana dzuwa likuswa mtengo, ameneyo timkhulupirire. Ndikuti umboni wa maso tiugwire monga tigwirira mkaka m'chilimwe, podziwa kuti suchedwa kusasa. Ndipo zofunika kuti usasase sizilira ndalama za ku World Bank. Pensulo ndi kope la sukulu n'zokwanira. Mboni zisiyanitsidwe zisanakambirane. Iliyonse inene yokha zimene yaona, wofunsa atatseka pakamwa, ndipo mawu oyambawo alembedwe ndi ola lake lomwe, pamodzi ndi kukaika kwake, chifukwa "ndikuganiza kuti ndi iyeyu" wa tsiku loyamba amasanduka "ndi yemweyu" wa kubwalo. Woganiziridwa asamabwere naye yekha atamgwira pa lamba nkumafunsa kuti "Ndi ameneyu?", pakuti funso lotero ladziyankha kale. Aimikidwe pamzere ndi ena ofanana naye, woyendetsa mzerewo akhale wosadziwa woganiziridwa, ndipo mboni iuzidwe kuti mwina wolakwa palibe pamzerepo. Ndipo khamu lichoke pamalo. Kwathu nyumba ikathyoledwa mudzi wonse umalowamo kudzapepesa, kugwira chitseko, kuponda pawindo, mwakuti wapolisi akafika apeza mapazi a mudzi wonse kupatula a wakuba.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri ndi ichi: luso lake tinali nalo. Mlenje wa ku Machinga amayang'ana ndowe nakuuzani kuti nyama yadutsa liti. Mbusa wa ku Balaka amazindikira phazi la mbuzi yake pakati pa mapazi makumi awiri. Msodzi wa pa Chilwa amawerenga madzi monga ife tiwerengera nyuzipepala. Anthu amenewa saona chifukwa choti maso awo ngakuthwa kuposa athu, koma chifukwa anaphunzitsidwa kuyambira ali ana chimene ayenera kuyang'ana, ndiponso kusiyanitsa chimene aona ndi chimene akuganiza. Ife sukulu yatiphunzitsa kuloweza manotsi ndi kuyankha msanga mosakaika, chifukwa wokaika amalephera mayeso. Ndiye tikapita kumudzi amatiika patsogolo kuti tiloze. Timaseka anthu okhulupirira anamapopa, koma ndani mwa ife anganene, osapita kukayang'ana, kuti masitepe okwerera ku laibulale ndi angati, ngakhale timawaponda tsiku ndi tsiku?

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Franz von Liszt, mphunzitsi wa malamulo ku Berlin, anakonza mwachinsinsi kuti ophunzira awiri akangane m'kalasi mwake mpaka mmodzi atulutse mfuti. Mfuti inalira, phokoso litatha iye anauza kalasi kuti ilembe zimene yaona. Wolemba bwino koposa onse analakwitsa pa mfundo 26 mwa 100 zilizonse, wolakwitsa koposa pa 80. Amenewo anali ophunzira malamulo, masana, atakhala pamipando. Ndikupempha aphunzitsi athu a Law, a Psychology ngakhale a Literature amene amatiuza kuti wolemba ndi diso la mtundu: chitani zimenezi kwa ife teremu ino. Mfuti isiyeni, mkangano wa ngongole ya K500 ukwana. Mutisonkhanitse mapepala, muwerenge mokweza, tichite manyazi m'kalasi momwemo, kumene manyazi sagulula dzino la munthu. Aliyense wotuluka pano ndi digiri adzakhala tsiku lina woweruza, mphunzitsi wamkulu, mtolankhani, DC, kapena chabe mwana wophunzira wa m'mudzi amene khamu lidzamtembenukira. Ndi bwino adziwe asanafike tsikulo kuti mutu wake umasoka.

Mnyamata uja ndinakampepesa tchuthi chotsatira. Ndinatenga nkhuku, amalume nandiperekeza. Tsopano amapalasa kabaza pakati pa Ulongwe ndi midzi ya kumtsinje, ndipo akamaseka mpata uja umaoneka. Analandira nkhukuyo ndi manja awiri, natipatsa mpando, nandifunsa mofatsa kuti, "Nanga achimwene, munaona ndani tsiku lija?" Ndinamuuza za bambo wamtali wa imvi, poti ndizo zinapezeka. Chimene sindinamuuze nchakuti bamboyo sindimkumbukira konse. Mpaka lero ndikatsinzina kuti ndione msika uja, dzuwa litapendeka, fumbi lili koboo, amene akukankha njinga ya amalume kuseri kwa mabenchi a nsomba ndi iyeyo, atavala malaya ake ofiira.